Chitenje n'chathu, nanga ulusi wake ngwa yani?

Loweruka m'mawa, msewu wa Malangalanga ku Old Town mu Lilongwe sudutsika mwachangu. Oitanira akulimbirana okwera pafupi ndi depoti, anyamata a mawilibala akukuwa kuti anthu apatuke, ndipo amayi ochokera ku Area 10, ku Kawale, ku Mitundu mpaka ku Mchinji akulowa mumsika ndi cholinga chimodzi: kukasankha chitenje. Uyu akufuna cha yunifolomu ya chinkhoswe, uyo cha kwaya ya kumpingo, winayo choberekera khanda limene langotuluka kumene m'chikuta. Pa mabenchi a zitenje nsalu zasanjikizana kufika kudenga, ndipo wogula wodziwa sathamangira kufunsa mtengo. Amayamba watambasula nsaluyo n'kuitembenuza kuti aone ngati maluwa alowerera kuseri monga alili kumaso. Kenako amafikisa ngodya yake pakati pa zala kuti amve ngati kulimbako n'kwa ulusi kapena n'kwa sitachi imene idzatsale m'beseni tsiku loyamba kuchapa. Wogulitsa naye yankho lake ndi lomwe lija la masiku onse: "Imeneyo ndi wakisi yeniyeni mayi, sisuluka. Ikasuluka mudzabwere nayo."

Chimene ambiri sawerenga ndi timalemba ta m'mphepete mwa nsalu, pamene pamakhala dzina la fakitale kapena la dziko. Mukayenda benchi ndi benchi mumva za Tanzania, Congo, Nigeria, India ndi China. Dzina la Malawi limatulukira mwa apo ndi apo. Chonsecho dziko lino limalima thonje ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Mangochi, Salima ndi Karonga. Thonjelo likachotsedwa njere, lambiri limamangidwa m'mabelo n'kuoloka malire kuti likapotedwe ndi kuombedwa ndi ena. Tili ngati mlimi amene amagulitsa chimanga chonse mu Meyi n'kumakagula ufa wa m'timapepala mu Febuluwale. Chitenje n'chathu pa kavalidwe, palibe angatsutse. Koma pakati pa mlimi wa ku Ngabu ndi telala wa pakhonde la sitolo ku Area 2 pali ulusi umene unaduka, ndipo sunaduke wokha.

Pamene tinkaomba tokha

Makolo athu sanadikire sitima kuti avale. Kumtunda kuno, kwa Achewa, chovala chinali nyanda: amuna ankasenda khungwa la mombo, kulipala kunja, kulinyika m'madzi, kenako kulisasantha pa chipika ndi kachibonga mpaka litafewa ndi kutambasuka. Angoni ankavala zikopa zofufuta. Koma kuchigwa cha Shire, kwa Amang'anja, kunali nsalu yeniyeni ya thonje. Apwitikizi a ku Sena ndi ku Tete analemba za nsalu imeneyi, yotchedwa machila, zaka mazana angapo Angelezi asanaponde kuno, ndipo inkayenda pa malonda m'chigwa chonse cha Zambezi.

David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza kuti pafupifupi mudzi uliwonse unali ndi anthu otola njere m'thonje, opota ulusi ndi oomba nsalu. Kuomba inali ntchito ya amuna, pa mitengo yokhomedwa pansi, ndipo nsalu imodzi inkadya masiku ambiri. Inali yokhakhala poiyerekeza ndi ya m'sitolo, koma yolimba zedi. Thonje lake linkalimidwa m'minda yaing'ono ya banja, moyandikana ndi mapira ndi mbewu zina za chakudya, ndipo mbewu yobzala chaka chamawa ankasunga okha. Kuchokera kumunda kufika m'chiuno, ntchito yonse inkathera m'dera limodzi.

Nkhani imene timaimva kawirikawiri ndi yakuti anthu anaona nsalu yokongola ya azungu n'kutaya yawo. Sizinayende choncho. Elias Mandala, katswiri wa mbiri wa kuno kwathu amene anafufuza za chigwa cha Shire kuyambira 1859 mpaka 1960, anaonetsa mmene zaka za m'ma 1860 zinasakazira midzi. Osaka akapolo anabwera ndi mfuti, chilala ndi njala ya 1862 mpaka 1863 zinapulula anthu, ndipo otsala anathawira m'malinga a Amakololo, anthu amene Livingstone anawasiya kumeneko n'kusanduka mafumu. Woomba nsalu amafuna mtendere, munda wake ndi nthawi. Zitatu zonsezi zitasowa, nsalu yakunja inangofikira pabwalo losesa kale.

Nsalu yogulira anthu

Nsalu inkalowayo inali ndi misozi yakeyake. Kuyambira zaka za m'ma 1830, zombo za amalonda a ku Salem ku America zinkatsitsa pa Zanzibar mabelo a nsalu yoyera yotchedwa merikani, yoombedwa m'mafakitale a ku Massachusetts. Thonje lake linkatoledwa ndi akapolo akuda m'minda ya ku Georgia, Alabama ndi Mississippi. Kuchoka kugombe, amtengatenga ankaisenza pamutu kudzera ku Kilwa mpaka kunyanja yathuyi, kwa Jumbe ku Nkhotakota ndi kwa mafumu a Chiyao a kum'mwera kwa nyanja. Kumeneko nsalu ndiyo inali ndalama: inkagula minyanga ya njovu, inkagulanso anthu. Thukuta la kapolo wa ku America linkasanduka mtengo wogulira kapolo wina kuno.

Livingstone ankalidziwa bwino thonje la akapolo. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito yolumikiza ulusi woduka mu fakitale ya nsalu ku Blantyre wa ku Scotland, kumene mzinda wathu unatengako dzina. Maganizo ake anali akuti Africa ikamalima thonje logulitsa ku Britain, ukapolo udzatha kuno ndi kutsidya komwe. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, itaimitsa makina ku Lancashire, eni mafakitale anazindikira kuti kudalira munda umodzi n'kudzimangirira, ndipo maso awo anatembenukira kumaiko amene Britain inkalamulira. Mu 1902 anakhazikitsa bungwe la British Cotton Growing Association ku Manchester, ndipo posakhalitsa linafika kuchigwa cha Shire.

Woomba nsalu wa Chimang'anja analibe malo m'dongosolo limeneli. Chinkafunika ndi thonje losapota, lokwezedwa pa sitima ku Chiromo ndi ku Port Herald, kumene lero ndi Nsanje, ulendo wa ku Liverpool. Boma la atsamunda, limene linakhazikika mu 1891, linabweretsa msonkho wa nyumba, ndipo amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu ankamutsitsira msonkhowo. Ndalama zachitsulo zisanafale, malipiro a antchito ku kampani ya Mandala ndi m'maesiteti ankayezedwa ndi mikwamba ya nsalu. Munthu ankalima thonje n'kulipidwa nsalu yoombedwa kutsidya kwa nyanja, nsalu imene bambo ake akanatha kudziombera okha pakhomo.

Magomero: thonje, chipewa ndi singano

Kumene mbiri ya thonje lathu inakumana maso ndi maso ndi ya anthu akuda a ku America ndi ku Chiradzulu. Esiteti ya A.L. Bruce ku Magomero, ya banja la mkamwini wa Livingstone, inali umodzi mwa minda ikuluikulu ya thonje m'dziko muno. Olima anali anthu a thangata, ambiri mwa iwo Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, amene ankalipira malo okhala ndi miyezi ya ntchito. Woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, ankadziwika ndi dzanja lolemera, ndipo matchalitchi a udzu amene akhristu a John Chilembwe ankamanga pamalopo ankatenthedwa.

Chilembwe anali atapita ku America mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, n'kukaphunzira pa sukulu ya ubusa ya anthu akuda ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, pakati pa ana ndi adzukulu a akapolo. Atabwerera mu 1900 n'kutsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, mpingo wa National Baptist Convention unamutumizira amishonale awiri akuda, Landon Cheek ndi Emma DeLaney. Mayi DeLaney, pamodzi ndi Mayi Ida Chilembwe, ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. Zithunzi za pamishonipo zimaonetsa anthu otchena mwaudongo: masuti, madiresi aatali, nsapato ndi zipewa.

Lero wina angati kumeneko kunali kutsanzira azungu. Pa nthawiyo inali nkhondo. Munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu panjira, ndipo dandaulo la chipewa linamveka mobwerezabwereza pamaso pa komiti imene inafufuza za kuukira kwa pa 23 Januwale 1915, usiku umene W.J. Livingstone anaphedwa. Kudzisokera chovala chabwino n'kuchivala osapempha kwa wina kunali kunena kuti nanenso ndine munthu. Nkhope ya Chilembwe tili nayo pa ndalama ya K2,000. Singano ya Mayi Ida ndi Mayi DeLaney timaiiwala.

Chitenje ndi ndale zake

Chitenje cha maluwa chimene tikuchidziwa lerochi chinayendanso ulendo wautali. Luso lojambula nsalu ndi phula ndi utoto ndi la anthu a pachilumba cha Java ku Indonesia. Adatchi, amene ankalamulira kumeneko, analitengera pa makina, ndipo kampani ya Vlisco ya ku Helmond, imene inayamba mu 1846, ilipo mpaka lero. Eni luso ku Java sanaikonde nsalu ya pamakinayo, koma amayi a kumadzulo kwa Africa anailandira n'kuyamba kulamula okha mitundu ndi maluwa amene ankafuna. Kuno nsalu za maluwa zinafala kudzera m'masitolo a amwenye ndi m'masutikesi a amuna obwerera kuchokera ku Johannesburg ndi ku Salisbury, n'kulanda malo a nsalu yakuda ya biliwita. Chimene chinasandutsa chitenje kukhala chathu ndi ntchito zimene amayi anachipatsa: mbereko, nkhata, chofunda pa maliro, mphatso ya apongozi, choyala pansi kuti mlendo wolemekezeka apondepo, ndi ngodya ija yomangapo ndalama ya kuchigayo.

Ufulu utabwera mu 1964, ulusi woduka uja unalumikizidwa kwa kanthawi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kampani ya David Whitehead and Sons inatsegula fakitale ku Blantyre imene inkapota, kuomba ndi kusindikiza nsalu kuchokera ku thonje la alimi a kuno, logulidwa m'misika ya boma imene kuyambira 1971 inali ya ADMARC. Anthu zikwi anapeza ntchito. Nsalu ya yunifolomu ya mwana wa sukulu ndi chitenje cha mbumba chokhala ndi nkhope ya Kamuzu zinkatuluka m'makina amodzimodziwo.

Koma m'zaka zomwezo nsalu inasandukanso chingwe. Lamulo la kavalidwe la 1973, Decency in Dress Act, linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi oonetsa maondo, ndipo linachotsedwa mu 1993 mphepo ya zipani zambiri itaomba. Mayi wa kumudzi ankayenera kukavina pamaso pa Ngwazi atavala nsalu ya chipani, afune asafune. Lamulo linafa koma mzimu wake unatsala: mu Januwale 2012 mavenda ena mu Lilongwe anavula amayi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi, mchitidwe umene unafikanso ku Blantyre ndi ku Mzuzu, mpaka amayi anasonkhana ku Blantyre kuudzudzula. Amene amakonda kunena kuti chikhalidwe chathu ndi chitenje azikumbukiranso mbali imeneyi.

Belo likadulidwa mawaya

M'zaka za m'ma 1990 zipata za malonda zinatsegulidwa. Nsalu zotchipa za ku Asia ndi kaunjika zinasefukira, Whitehead inayamba kutsimphina, ndipo mu 2003 boma linaigulitsa kwa a Mapeto. Mukaima pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe n'kuyang'ana msika wa Tsoka, zotsatira zake mudzionera nokha. Belo likadulidwa mawaya, oyamba kugwada ndi a mabutiki, amene amasankha nambala wani yoti akachape, kusita ndi kupachika pa mahang'ala ku City Centre. Otsatira ndi ogulitsa m'maofesi ndi pa WhatsApp. Zotsala zimatsika mtengo tsiku ndi tsiku mpaka wogulitsa atasasa mawu. Zimene zakanikiratu, zambiri za polyester amene kwenikweni ndi pulasitiki, zimathera m'ngalande ndi mumtsinje, ndipo sizivunda.

Kaunjika sitingamunyoze: waveka mtundu wonse ndipo akudyetsa mabanja ambirimbiri. Kumuletsa nakonso kuli ndi eni ake. Mu 2016 maiko a East African Community anagwirizana zosiya pang'onopang'ono kuitanitsa zovala zovalavala. America itaopseza, Kenya, Uganda ndi Tanzania anabwerera m'mbuyo. Rwanda, imene inakakamira, inalandidwa mu 2018 mwayi wa AGOA wogulitsa zovala ku America popanda msonkho.

Mlimi wa thonje naye wakhala akukwera ndi kutsika. Boma litaika K1.6 biliyoni pa ulimiwu mu 2011, zokolola zinafika pafupifupi matani 100,000. Lamulo la thonje la 2013 linabweretsa Cotton Council of Malawi yoti iziyang'anira ulimiwu, komabe patangopita zaka zochepa zokolola zinagwa kwambiri. Mitengo inali yotsika, mbewu ndi mankhwala zinali zodula, ndipo alimi ambiri anathawira ku chitowe ndi nandolo.

Nkhani ibwerera kunthaka

M'ma Area a mipanda ya njerwa, ku 10, ku 12 ndi ku 43, komanso pa ziwonetsero za mafashoni ku City Centre, kwayamba kumveka kayankhulidwe katsopano: zovala zosawononga chilengedwe, thonje lolimidwa mobwezeretsa chonde m'nthaka, kusoka kosataya kachidutswa ngakhale kamodzi. Okonza zovala monga Lilly Alfonso afikitsa dzina la Malawi pa ziwonetsero za kunja, ndipo mu Seputembala 2019 Meghan Markle anavala ku Cape Town diresi losokedwa ndi amayi a kampani ya Mayamiko kuno ku Lilongwe. Ku California gulu la Fibershed, limene anayambitsa Rebecca Burgess, limalimbikitsa kuti chovala chilimidwe, chipotedwe, chinyikidwe mu utoto ndi kusokedwa m'dera limodzi, ndipo chikatha chivunde n'kubwerera kunthaka.

Mmang'anja wa 1859 sakanaona chachilendo pamenepa. Ndipo mmodzi mwa oyamba kuphunzitsa zimenezi ngati sayansi kumadera a thonje a ku America anali munthu wobadwira mu ukapolo, George Washington Carver. Atafika ku Tuskegee ku Alabama mu 1896 anapeza minda ya alimi akuda itaguga ndi thonje la chaka ndi chaka. Mankhwala amene anawapatsa anali kasinthasintha wa mbewu, mtedza, khobwe ndi mbatata, kuphatikizapo manyowa a zinyalala za pakhomo m'malo mwa feteleza amene alimiwo sakanamukwanitsa.

Zida zomwezo tili nazo. Msangu, umene umapezeka m'minda ya ku Salima ndi kuchigwa cha Shire, umayoyola masamba m'dzinja pamene mitengo ina ikuphuka, motero umathira manyowa popanda kuphimba mbewu ndi mthunzi. Nandolo ndi khobwe zimabwezera chonde, zimapatsanso banja ndiwo pamene likudikira ndalama ya thonje. Masamba a nimu ndi ombwe alimi ena amawasinja, kuwanyika usiku wonse n'kupopera tizilombo. Izi si zachibwana, chifukwa thonje ndi mbewu yomwa mankhwala: mbozi ndi nsabwe zimakakamiza mlimi kubereka sipuleya kangapo pa chaka, kawirikawiri wopanda chophimba kukamwa ngakhale magulovesi. Mbewu ya thonje ya Bt, imene inayamba kuyesedwa ku Bunda mu 2013 isanaloledwe kwa alimi, imachepetsa kupopera mbozi, koma ndi yodula ndipo imagulidwa chaka chilichonse. Nthaka yotopa siichiritsa.

Si zakale zonse zimene tingabwerereko. Kusenda mombo mozungulira kumapha mtengo, ndipo nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera, ikutha kale ndi makala. Pamenepa aphunzitsi athu ndi Baganda a ku Uganda. Iwo amasenda mtengo wa mutuba, wa mtundu umodzi ndi kachere wathu, n'kukulunga thunthu lake ndi masamba a nthochi. Khungwa limameranso, ndipo mtengo womwewo umasendedwa chaka ndi chaka kwa zaka makumi angapo. UNESCO inalemekeza luso limeneli mu 2005, chaka chomwe inalemekezanso Gule Wamkulu.

Oda yaikulu ili ndi yani?

Diresi limodzi la mtengo wapatali m'shopu ya ku Area 43 silingasinthe munda wa ku Ngabu. Telala akhale waluso chotani, ngati nsalu yake yatsika m'kontena, mlimi sanyambitapo kanthu. Mu 2016, pokhazikitsa Buy Malawi Strategy, boma linapempha ogwira ntchito m'boma kuti Lachisanu azivala zosokedwa m'dziko muno. Ku Capital Hill Lachisanu kumawaladi, ndipo matelala anapeza ntchito. Koma pempholo linathera pa singano, silinafike pa ulusi.

Amene angafike pa ulusi ndi amene amaoda nsalu mamita zikwizikwi nthawi imodzi, ndipo ambiri a iwo ali mu Lilongwe momwemuno. Pali maunduna ogula mayunifolomu a apolisi, asilikali, anamwino ndi akaidi. Pali malikulu a mipingo osindikiza nsalu za Chigwirizano, Dorika ndi Amayi Achikatolika. Pali zipani zimene pa chisankho chilichonse zimagawa zitenje m'malole, ndi mabungwe amene sachita msonkhano popanda tisheti ndi nsalu ya uthenga. Aliyense wa amenewa atalemba mzere umodzi pa oda yake, wakuti nsaluyo ikhale ya thonje lolimidwa ndi kupotedwa ku Malawi, mwini fakitale angakhale ndi chifukwa chogulira makina opotera, ndipo wogula thonje angakhale ndi chifukwa cholipirira bwino mlimi amene wasamala nthaka yake.

Poyamba nsaluyo idzakhala yodula, magetsi adzavutabe, ndipo ndalama zakunja zogulira utoto ndi zitsulo za makina sizidzapezeka mosavuta. Komatu ndalama zakunja zomwezo tikuzitulutsa kale mwezi ndi mwezi poitanitsa nsalu ya thonje longa limene tinagulitsa motchipa. Akuluakulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Mzere wa pa oda uja sukudikira thandizo lochokera kunja. Ukudikira mlembi wamkulu wa unduna, mlembi wa sinodi kapena msungichuma wa chipani amene ayambe kuulemba.